Onse Anati Tiona

Mwa Amalawi amene anatsika ndege mu Toronto pakati pa 1970 ndi 1976, ndi ochepa amene sanagonepo pa sofa ya Zelipa Chisale. Sanali ambiri ayi. Kuwasonkhanitsa onse pamodzi ndi ana awo sakanadzaza ngakhale kalasi imodzi. Koma aliyense ankafika ndi kapepala m'thumba kolembapo nambala ya foni ya Zelipa, ndipo aliyense ankafika atavala ngati akupita ku Limbe kukagula shuga. Zelipa ankawachingamira ali ndi jekete pamkono. Anali nawo anayi m'kabati, awiri achimuna ndi awiri achikazi, obwereketsa alendo mpaka adzagule awo.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Unamwino anauphunzira pachipatala cha mishoni, n'kukawonjezera ku Scotland, ndipo mu 1969 atamva kuti ku Canada akufuna anamwino anangomanga katundu. Ankagwira ntchito panyumba ina yosungirako okalamba ku Scarborough, ndipo ankakhala pamwamba m'chinyumba chachitali chapafupi ndi siteshoni ya Warden, pamene sitima ya pansi inkathera. Sanakwatiwe. Ofunsa ankawayankha kuti amuna osambitsa ndi kudyetsa ali nawo okwanira kuntchito. Amalawi onse, ndi omuposa msinkhu omwe, ankamutcha a Sisitala.

Mlendo akatha tulo ta ndege, Zelipa ankamukhazika pansi n'kuyamba kumulanga. Ankamuuza za nsapato za nthawi ya chisanu, za kakweredwe ka basi, za kusapereka moni kwa aliyense wokumana naye m'chikepe. Koma phunziro lake lalikulu linali la mawu amodzi. Kwathu munthu sakana mnzake pamaso. Ukamuitana kuphwando limene iye alibe nalo maganizo, amakuyankha ndi nkhope yowala kuti "tiona," iwe n'kumva, osamuwerengera mbale, ndipo palibe amene wachita manyazi. Zelipa mawu amenewa ankadana nawo ngati chimfine.

"Kuno mzungu akakufunsani, yankho ndi inde kapena ayi," ankatero, chala chili m'mwamba. "Tionayo munamusiya pa Chileka."

Mwa onse amene anadutsa pa sofa ija, amene anamulowa mumtima anali Vainess. Anafika mu Januwale 1972 ndi mwamuna wake Tobias, yemwe anatumizidwa kuchokera kumudzi pa sikolashipu kudzaphunzira pa yunivesite ya ku North York. Mtsikanayo anali woyembekezera, anali atavala kajuzi kopyapyala, ndipo mano ankangogundana. Zelipa anamuveka jekete yobiriwira, yabwino kuposa onse anayi aja, ndipo sanaiitanitsenso. Grace atabadwa kunalibe amayi, kunalibe azakhali. Zelipa ndiye anatenga tchuthi n'kukagona pansi pambali pa bedi la Vainess sabata ziwiri zathunthu, kusambitsa mwana, kuphika phala, kuthamangitsira Tobias pabalaza. Kuchokera pamenepo Vainess anasiya za a Sisitala n'kuyamba kumutcha achemwali. Anali a ponda apa nane mpondepo.

Mu Malichi 1976 inafika kalata yochokera kwa mlamu wake, mkazi wa mlongo wake Wyson. Wyson anali mphunzitsi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, munthu wa nthabwala, wosadziwa kutseka pakamwa. Kalatayo inayamba ndi mvula, n'kupita ku chimanga ndi chifuwa cha mwana, kenako pakatikati, ngati nkhani wamba: "Achimwene anu apita kusukulu. Anabwera kudzawatenga pa galimoto. Sitikudziwa kuti adzatsekera liti." Zelipa anaiwerenga ataima pa mabokosi a makalata. Masiku amenewo aliyense ankaidziwa sukulu yotengedwa pa galimoto, yopanda tsiku lotsekera. Ankadziwanso kuti munthu akalowa sukulu imeneyo, dzina la banja lake limayamba kununkha, ndipo fungolo limawoloka nyanja.

Anauza munthu mmodzi yekha. Anakwera sitima ndi basi mpaka ku North York, n'kukatsanulira Vainess zonse m'khitchini, chitseko chili chotseka. Analira onse awiri. Zelipa anamupempha kuti nkhaniyo ithere pomwepo, ndipo Vainess anamugwira manja onse awiri n'kulumbira.

Mwezi usanathe foni inayamba kukhala chete. Kale Lamulungu masana Amalawi ankasonkhana kwa Zelipa akaweruka m'matchalitchi awo, kudzaimba nyimbo za m'Chichewa ndi kumwa tiyi. Tsopano aliyense anapeza chifukwa. A Medson, mkulu wa mpingo amene ankagwira ntchito yoyeza magazi ku Mississauga, galimoto yawo inadwala matenda osachira. Ophunzira anagwidwa ndi mayeso osatha. Mu Meyi kunafika mlendo, bambo wina dzina lake Overtone wodzaphunzira za madzi, ndipo kwa nthawi yoyamba anakamuchingamira ndi ena. Zelipa anangomva mbiri yake, kuti ndi munthu wa kamera pakhosi, wolemba makalata opita kumudzi sabata ndi sabata.

Mkazi ngati Zelipa, wodziwa kuwerenga nkhope ya wodwala asanadandaule, akanatha kuona chimene chinkachitika. Sanafune. Anadziuza kuti anthu atanganidwa, kuti chilimwe cha kuno ndi chachifupi ndipo aliyense amachithamangira. Si Vainess ankabwerabe, ngakhale mwa apo ndi apo? Koma Lamulungu lililonse akamabwezera makapu osagwira ntchito m'kabati, funso limene ankaopa kufunsa linkamubwerera: kodi m'dziko lozizirali akadali ndi anthu ake?

Njira yofunsira funsolo anaipeza kuntchito. M'chipinda cha kumapeto munkagona agogo Alice, nkhalamba yachizungu ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi, yovuta ngati dzino lobowoka. Anamwino ena ankapatsirana kukalowako. Zelipa yekha ndiye ankawatha, chifukwa akamukalipira nayenso ankawakalipira. Moyo wawo wonse agogowa anali alimi a mphesa m'chigwa cha kufupi ndi katauni ka Jordan, panjira ya ku Niagara, ndipo m'mawa uliwonse funso lawo loyamba linali lakuti kunja kukugwa mvula kapena ayi. Mvula ikagwa nthawi yolakwika ankatukwana ngati munda ukadali m'manja mwawo. Mwana wawo Douglas, amene anatsala ndi mundawo, ankabwera kudzawaona, ndipo tsiku lina mu Julayi anauza Zelipa kuti abwere ndi anthu akwawo nthawi yokolola, kumapeto kwa Sepitembala, adzathyole okha mphesa ndi kuona mmene vinyo amapangidwira.

Zelipa anaugwira ulendowo ndi manja awiri. Ndani mwa iwo anali ataonapo mpesa? Onse anakula akumva za mpesa ndi nthambi zake m'tchalitchi, akuimba za minda ya mphesa, koma mtengo wake ankangouganizira, ena mwina ngati mpoza. Ulendo woterewu munthu sangaukane. Ndipo akakhala onse m'basi imodzi tsiku lathunthu, akuimba, akupatsirana mandasi, chimene chinazizira chidzafundanso.

Anaukonza ngati mmene ankakonzera mankhwala a odwala, chilichonse pa nthawi yake. Anatenga mapu pamalo omwetsera mafuta n'kulemba njira ndi bolopeni yofiira: kutsata nyanja, kudutsa Hamilton, kukhotera kumanja pa Jordan, kenako kamsewu kafumbi kolowera kwa Douglas. Anabuka kabasi ka mipando khumi ndi isanu. Anaganizira poimira kuti ana akadzithandize, pokadyera chakudya chamasana pansi pa mitengo, ndi nthawi yonyamukira kumunda kuti akafike kumtsinje wa Niagara dzuwa likadalipo. Tsiku linali Loweruka pa 25 Sepitembala, kukumana pa Warden eyiti koloko. Kampani ya basi inafuna mayina a okwera, ndiye anawalemba bwinobwino papepala: pamwamba Zelipa Chisale, wotsogolera, m'munsi mwake ena khumi ndi anayi.

Kenako anayamba kuimba mafoni. A Medson anayamba afunsa ngati kumeneko kukakhale zakumwa, poti iwo ndi mkulu wa mpingo. Zelipa anawauza kuti mphesa sizinaledzeretsepo munthu zili kumtengo, ndipo shedi ya vinyo akhoza kuidutsa atayang'ana kumbali. A Medson anaseka kwambiri, n'kuuyamikira ulendowo kuti ndi maganizo abwino zedi.

"Ndiye ndikulembeni?"

"Tiona, a Sisitala."

Banja lachiwiri linati tiona. Ophunzira atatu ogona nyumba imodzi anati tiona. Ngakhale Overtone, amene Zelipa anamufunafuna nambala kuti asaoneke ngati akumusala, anati tiona. Ndipo Zelipa, mwana wa ku Ntcheu, wobadwira m'mawu amenewa, amene anamva amayi ake akukana nawo maukwati ndi misonkhano, ankati akaika foni pansi n'kuchonga dzina. Kodi si iye amene anawaphunzitsa kuti kuno tiona kulibe? Ndiye kuti anangowapulumuka pakamwa, chizolowezi basi. Munthu akafuna kudzinamiza safuna womuthandiza.

Vainess yekha ndiye anayankha mosiyana. Anabwera Lachitatu lina mu Ogasiti, ali ndi pakati pachiwiri poonekera, n'kukhala pa tebulo masana onse akuthandiza. Ndiye amene anati nkhuku zikhale zokazinga, osati zowiritsa, ndipo tiyi akhale m'mafulasiki atatu. Atanyamula pepala la mayina analiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mayina khumi ndi asanu amafunira, n'kufunsa kuti likupita kwa ndani. Zelipa anati ku kampani ya basi, nanga kuti? Potsanzika Vainess anapempha kukopera njira ija ndi nambala ya foni ya Douglas, kuti akawaonetse abambo a Grace, poti amakonda mapu.

"Koma inu musandiuze za tiona, amake Grace," anatero Zelipa akumuperekeza pachikepe.

"Ife tibwera, achemwali. Ngakhale onse atalephera, ife tibwera."

Mawu amenewa Zelipa anadya nawo, anagona nawo, mwezi wathunthu.

Loweruka lija linacha bwino, kozizira pang'ono koma kopanda mtambo. Zelipa anafika pa Warden isanakwane hafu seveni ndi makatoni awiri a kamba: nkhuku zinayi, mazira owiritsa, mandasi amene anakazinga dzulo lake ataweruka. Kabasi kanafika pa nthawi yake. Woyendetsa anali bambo wachikulire wa ku Portugal, wosalankhulalankhula, amene anatsegula chitseko n'kutambasula nyuzipepala pachiwongolero. Sitima inkafika, anthu n'kukhuthuka, Zelipa n'kutalikitsa khosi kufunafuna nkhope yakwawo. Inkafika ina. Eyiti koloko inadutsa iye akuseka yekha kuti Amalawi ndi nthawi sadzagwirizana. Hafu eyiti analeka kuseka. Itakwana naini anapita pa foni ya pasiteshoni n'kuimba kwa Vainess. Inalira mpaka inatopa. Anaimba kwa a Medson, chimodzimodzi. Kwa ophunzira aja wina anainyamula, atamva mawu ake n'kuibwezera pansi.

Manyazi amene anamugwira sanali a masewera. Mayi wamkulu, namwino wolemekezeka, ataima pa siteshoni ndi nkhuku zinayi! Woyendetsa uja anapinda nyuzipepala n'kufunsa mwaulemu ngati adikirebe. Zelipa anaganiza za Douglas, amene anali atasiya ntchito pakati pa kukolola kuti alandire alendo. Munthu wotere sumupepesa pa foni. Anakweza makatoni, n'kukhala mpando wakutsogolo, n'kuuza woyendetsa kuti tiyeni.

Anayenda nyanja ili kumanzere, mipando khumi ndi inayi ikugwedezeka yokha kumbuyo. Anadutsa utsi wa mafakitale a ku Hamilton, kenako kumanja kunatulukira chitunda chachitali, ndipo m'munsi mwake minda ija inayamba. Mpesa sunali mtengo n'komwe. Tinali timitengo tokhota, tomangiriridwa ku mawaya m'mizere yowongoka ngati zingwe zoyanikira zovala, masamba atayamba chikasu, mphesa zakuda zili lendelende. Zelipa anali atakonzeratu zonena pamalo pano, ataima n'kutembenukira anthu ake. Anapezeka akuuza woyendetsa uja, yemwe anangogwedeza mutu n'kunena kuti kwawo minda yotere ili paliponse.

Douglas anatuluka m'mizere akupukuta manja ku buluku, bambo wamtali wopsa ndi dzuwa. Atamuona Zelipa, Douglas anadabwa, kenako anakondwa. Anati ndi bwino kuti wapeza mpata wobwera, chifukwa zinamumvetsa chisoni kuti sabata yatha anamangika kuntchito. Zelipa anafunsa kuti sabata yatha iti. Douglas anati Loweruka lapitali, pamene anthu akwawo anabwera. Mayi wina woyembekezera, waulemu kwambiri, anali ataimba foni m'malo mwa Zelipa kunena kuti tsiku lasintha. Anabwera pa magalimoto atatu. Iye Douglas sanathe kupita ku Scarborough masabata amenewa chifukwa cha kukolola, akanabwera akanamuthokoza pamaso. Anthu abwino bwanji, anatero, ndipo amaimba! Anaimba pansi pa mitengo paja mpaka antchito anasiya kuthyola n'kumamvetsera.

Anamutengera kukashedi kogulitsirako zipatso kuti akamuonetse. Pakhoma panali chithunzi cha kamera zotulutsa pompopompo, chimene mkazi wa Douglas anajambula. Zelipa anavala magalasi. Anawerenga mitu ngati mmene amawerengera odwala pa wodi, ndipo inakwana khumi ndi inayi. Sanasowepo ndi mmodzi yemwe. A Medson anali ataima kutsogolo kwa migolo ya vinyo, osayang'ana kumbali, mano onse pamtunda. Overtone anali pakati ndi kamera yake. Kumapeto kunali Vainess, dzanja limodzi pamimba, lina lagwira Grace, atavala jekete yobiriwira. Jekete ya Zelipa inapita nawo ulendowo; mwini wake ndiye sanafunike.

"Dengu lanu analipereka?" anafunsa Douglas m'Chingerezi chake chodekha. Anati anasankha yekha mphesa zabwino koposa, n'kulemba dzina la Zelipa pachogwirira kuti lisasokonekere ndi la wina.

Zelipa anati inde, zikomo kwambiri. Linali bodza lake loyamba kwa mzungu ameneyu, ndipo analinenera anthu amene sanayenere kuwaphimbira.

Sanalire pamenepo. Anapempha kampeni kothyolera, n'kulowa m'mizere, n'kudula mphesa ola lathunthu. Anaika imodzi m'kamwa. Khungu linasupuka lokha, pamwamba pake potsekemera, kufupi ndi njere kowawasa mpaka kutsinzina. Masana anatsegula makatoni aja n'kuitana antchito a pamundapo, amuna a ku Jamaica obwera nthawi yokolola yokha, ndipo nkhuku zinayi zija zinatha mofulumira, mandasi n'kuyamikiridwa kuposa mmene Mmalawi aliyense anawayamikirapo. Mkazi wa Douglas anabweretsa kakapu ka vinyo kuti alaweko. Zelipa anati ayi, ndipo mayiyo anangoti chabwino n'kubwerera nako. Panalibe amene anafa nako kukanako. Ku Niagara sanapiteko. Anauza woyendetsa kuti abwerere.

M'mawa mwake, Lamulungu, ataweruka kutchalitchi ananyamula dengu la mphesa zimene anathyola yekha n'kukwera sitima ya ku North York. Amene anatsegula chitseko anali Tobias. Maso ake anagwera padengu, ndipo moni amene anapereka anali wautali ngati wa pamaliro: za kuntchito, za kuzizira, za miyendo. Atatha anakumbukira kuti ali ndi buku lofunika kubweza kulaibulale, n'kutuluka atavala jekete mkono umodzi. Grace, yemwe Chichewa ankangochimva koma n'kuyankha m'Chingerezi, anathamanga kudzamukumbatira miyendo, n'kumuuza mokondwa kuti nayenso anathyola zoterezo ndipo lilime lake linada tsiku lonse. Vainess anamuuza mwanayo kuti akasewere kuchipinda.

Analowa m'khitchini muja, momwe analiriramo mu Malichi. Pa kabati panali madengu awiri ofanana ndi limene Zelipa ananyamula. M'limodzi anali ataikamo anyezi. M'linalo munali mphesa zofota, tizilombo tikuuluka pamwamba pake, ndipo pachogwirira panali popala ndi mpeni, poyera, pamene panali dzina. Zelipa anaika dengu lake pambali pa awiriwo n'kukhala pansi. Anafunsa za mimba, ngati miyendo ikutupa, ngati mapilitsi a magazi akumwa. Vainess anayankha awiri, lachitatu n'kuyamba kulira.

"Achemwali, tikanatani? Pepala lija. Dzina lanu pamwamba, athu onse m'munsi. Nanga a Overtone ndi kamera yawo ija, ndani akudziwa kumene zithunzizo zimapita? Abambo a Grace kwatsala chaka chimodzi kuti amalize. Atati awaitanitse kumudzi lero, ine ndili chonchi…"

"Za Wyson anthu anamva kwa ndani?"

Vainess anayang'ana anyezi. Anati iye anangouza abambo a Grace basi. Kenako anawonjeza kuti anthu anali ataukonda ulendowo, ana anali atauzidwa kale, ndipo a Medson ndi amene anati bwanji tingopita mwakachetechete kuti a Sisitala asakhumudwe. Iye anangoimba foni chifukwa nambala inali kwa iye.

Mantha awo sanali opeka, ndipo zimenezo Zelipa ankazidziwa kuposa onse. Mwina Overtone anali khutu la wina, mwina anali bambo wongosowa mkazi wake. Mpaka lero palibe akudziwa. Koma mantha amaletsa munthu kupita pa ulendo. Sauza munthu kuti akopere mapu a mnzake, aimbe foni m'dzina lake, akadye mphesa zake, n'kumusiya akazinge nkhuku zinayi.

"Mantha ndikuwadziwa, amake Grace," anatero Zelipa, mawu ali pansipansi. "Mukanati ayi, ndikanamva. Enawo anati tiona, ndipo kusamva kunali kwanga. Koma inu munati tibwera."

Vainess ananyamuka n'kukatenga jekete yobiriwira ija kuseri kwa chitseko, ngati kuti ndiyo inali mlandu. Zelipa anamuuza kuti aibwezere pomwe inali, chisanu chayandikira. Anakatsanzika Grace, n'kutsika yekha. Vainess sanamuperekeze pachikepe, ndipo iye sanayembekezere.

Miyezi yotsatira Zelipa anapempha mashifiti a Lamulungu. Makapu aja anawaika pashelefu yapamwamba. Za Wyson sikunamveke kanthu, kupatula kalata ina ya mlamu wake yonena kuti sukulu sinatsekerebe ndipo mbuzi ziwiri zafa. Agogo Alice atamufunsa ngati anthu ake anasangalala kumunda, anawayankha kuti kwambiri, ndipo agogowo anati akunama, nkhope yake ikuoneka. Anakalipirana pang'ono, kenako Zelipa anawapesa tsitsi.

Foni inalira Lachiwiri lina mu Disembala, cha m'ma leveni m'mawa, Zelipa akusita yunifolomu. Anali Vainess. Anapereka moni wonse, n'kufunsa za kuntchito ndi za kumudzi, kupatula dzina limodzi. Kenako anafika pa nkhani. Adokotala anena kuti ndi sabata ya mawa, ndipo mwana wakhala molakwika, mwina achita opaleshoni. Abambo a Grace ali pakati pa mayeso. Mkazi wa a Medson wati ali ndi ana akeake, enawo ndi anyamata osadziwa ndi kugwira khanda komwe. Palibe wokhala ndi Grace, palibe wodzagona pansi paja.

"Ndilibe wina, achemwali. Mubwera?"

Zelipa anaimika simbi. Ankamukondabe mtsikanayu, ndipo n'chimene chinkapweteka. Ankadziwa mmene bala la opaleshoni limavutira kudzuka nalo, ankadziwa pamene Vainess amasunga matewera, ndipo tchuthi anali nacho chokwanira. Inde anali pafupi, ayi analinso pafupi, mawu awiri amene anakhala akuphunzitsa anthu zaka zisanu ndi ziwiri. Koma amene anatuluka anali ena, ofewa, aulemu, ndi mawu owala ngati a amayi ake.

"Tiona, amake Grace."

Vainess anali wa ku Zomba, sanafunike womumasulira. Anati zikomo achemwali, n'kuika foni pansi pang'onopang'ono.

Zelipa anaima pomwepo, foni ili m'manja ikulira yokha. Kenako anaibwezera, n'kumaliza kusita kolala, chifukwa shifiti inali kuyamba thuu koloko ndipo basi ya nthawi ya chisanu imachedwa.